Kauntala ya Formica yatha: ndiipake zooneka ngati mwala kapena ndingoichotsa?

NaBanda_Rosettenville
Moni nonse a pa gulu. Ndikupempha nzeru kwa amene munagwirapo ntchito za m'khitchini. Nyumba imene tikukhala kuno ku Rosettenville, mu Johannesburg, ndi yakale. Makabati akadali olimba, koma kauntala yake ya Formica yafika poipa. Mtundu unafwifwa, mikwingwirima ya mpeni ili paliponse, ndipo pafupi ndi sitovu pali chipsera chozungulira cha poto chimene anasiya omwe ankakhalamo kale. Ndaona pa YouTube ndi pa Facebook anthu akupaka penti ndi siponji kenako n'kuthira epoxy (utomoni woonekera ngati galasi umene umauma n'kulimba) pamwamba, zikumatuluka ngati granite kapena nsangalabwi. Bambo a kunyumba akuti ndi kutaya ndalama, zidzasupuka chaka chisanathe. Alipo anachitapo? Zimakhalitsa? Nanga zipangizo zake mumagula kuti?

Kalipentala_Turffontein
Achemwali, musanagule kalikonse tsegulani kabati ya pansi pa sinki, muyatse tochi ya foni, muyang'ane kunsi kwa kauntalayo. Formica ndi kachikopa kopyapyala chabe, mapepala omatidwa ndi utomoni n'kupanikizidwa, kukhuthala kwake sikufika n'komwe milimita imodzi. Chimene chanyamula zonse ndi chipboard ya mkati, tizidutswa ta matabwa tomata ndi guluu. Madzi akalowa mu chipboard imafufuma ngati buledi woviikidwa mu tiyi, ndipo ikauma sibwereranso mwakale. Dinikizani ndi chala chachikulu mozungulira sinki, kuseri kwa mpopi, ndi pamene zidutswa ziwiri zinalumikizana pa kona. Ngati pali pofewa kapena potukuka, penti iliyonse imene mungapake idzang'ambikira pomwepo. Ngati paliponse pali gwa, ntchitoyi itheka. Tiuzeni zimene mupeze.

Mai_a_Tadala
Zimatheka achemwali, ine ndinapanga yanga kuno ku Cosmo City ndipo alendo amaigogoda ndi chala kufuna kudziwa ngati ndi mwala weniweni. Ndilemba bwino madzulo ndikaweruka.

Chimwemwe_wa_Joni
Funso langa ndi lina. Nyumbayo ndi yanu kapena ya lendi?

NaBanda_Rosettenville
Ndi ya lendi achimwene. Eni ake ndi mayi wachikulire, amakhala ku Alberton. Ndinawauza pa foni, anati chitani zimene mukufuna bola muzilipira nokha.

Chimwemwe_wa_Joni
Mawu a pa foni asakukwanireni. Alembereni pa WhatsApp kapena pa imelo, mufotokoze kuti mupala kauntala, mupaka penti ndi epoxy, ndipo kuti sizidzachotsekanso. Iwo ayankhe molemba kuti avomera. Mujambulenso zithunzi za mmene ilili pano, chipsera chija chioneke bwino. Lamulo la lendi la dziko lino, Rental Housing Act la 1999, limati mwini nyumba ndi wa lendi aziyendera nyumba limodzi polowa ndi potuluka, ndipo zoonongeka amadula pa dipoziti. Mayiwo akhoza kukhala abwino mtima, koma mawa nyumba ikapita m'manja mwa ana awo kapena kwa ejenti, adzati mwaononga khitchini. Mkangano ukabuka kuli Rental Housing Tribunal ya Gauteng, salipiritsa, koma kumeneko amafuna umboni wolembedwa. Ife obwera timaluza madipoziti ambiri chifukwa chodalira mawu a pakamwa.

Mphwanga_Kempton
Ine sindikuona chifukwa chovutikira. Pitani ku sitolo ya Builders kapena ya Leroy Merlin mukaone mitengo ya ma postform top atsopano, makauntala a chipboard okutidwa kale ndi zonga Formica. Amabwera aatali mamita oposa atatu, mulifupi masentimita 60, ndipo ena amaoneka kale ngati granite. Mukawerengera epoxy, primer (penti yoyamba yothandiza inayo kumata), penti mitundu itatu, sandipepa, tepi, mapulasitiki ndi magolovesi, mupeza kuti mwayandikira mtengo wa kauntala yatsopano. Yatsopano mukaiika m'mawa, madzulo mukuphikirapo.

Kalipentala_Turffontein
Pa mtengo wa thabwa lokha mukunena zoona mphwanga. Koma mwaiwala kuchotsa sinki, kumasula mapaipi, kudula bowo la sinki ndi la sitovu, kulumikiza kona, ndi galimoto yonyamulira thabwa la mamita atatu. Nyumba zakale za ku Rosettenville ndi kuno ku Turffontein makoma ake sanawongoke, ndipo matailosi a kukhoma nthawi zambiri anakhazikidwa pamwamba pa kauntala. Mukaikoka, mzere wa pansi wa matailosi umathetheka, ndiye mupeze matailosi ofanana ndi a zaka makumi atatu zapitazo. Ntchito imakula motero.

Mphwanga_Kempton
Komabe yatsopano ndi yatsopano. Penti ndi penti.

Mai_a_Tadala
Ndafika. Ndifotokoza mmene ndinachitira, a Kalipentala mundikonze pomwe mukuona mosiyana.

Choyamba ndi kutsuka. Khitchini yathu ya Chimalawi imakhala ndi mafuta obisika, a mandasi, a nsomba zokazinga, amene maso saona. Ndinatsuka ndi sugar soap, mankhwala ochotsa mafuta, ndi madzi ofunda, n'kutsukuluza ndi madzi oyera, n'kusiya kuti iume. Musapale musanatsuke, chifukwa sandipepa amangokankhira mafutawo m'mikwingwirima. Kenako ndinachotsa silikoni yense wozungulira sinki ndi wa m'mphepete mwa khoma ndi lezala. Apa musachite ulesi. Pa silikoni sipamata penti ya mtundu uliwonse, ngakhale katsalira kochepa kamachititsa epoxy kuthawa n'kusiya timaenje.

Popala ndinagwiritsa ntchito sandipepa wa nambala 120. Cholinga si kuchotsa Formica ayi, ndi kupha kunyezimira kwake kuti penti ipeze pogwira. Muziunika ndi tochi cham'mbali, paliponse pakuwalabe mubwerezepo. M'mphepete mokhota mwa kutsogolo ndi momwe anthu amadumpha, ndipo ndi momwe penti imayambira kusupuka chifukwa timatsamirapo ndi mimba potsuka mbale. Fumbi ndinapukuta ndi kansalu konyowetsa ndi methylated spirit. Chipsera ngati chanucho, ngati chatukuka, chiduleni ndi mpeni wakuthwa mudzazemo body filler ya magalimoto ija, ikauma mupale mpaka dzanja lisamve kusiyana.

Primer ndinapaka Dulux Supergrip, yopangidwira malo oterera ngati matailosi ndi melamine. Ikauma, penti yakuda pansi ponse. Tsopano gawo lokoma: siponji. Ndinang'amba siponji ndi manja kuti isakhale ndi mbali zowongoka, n'kumadinda motuwa, kenako moyera pang'ono, kenako timadontho ta bulauni. Dzanja muzilitembenuza nthawi iliyonse, apo ayi chithunzi cha siponji chimabwerezabwereza ndipo aliyense amadziwa kuti ndi penti. Yambani mwayesera pa katoni. Mukapita ku sitolo ya matailosi kajambuleni granite yeniyeni, muziiyang'ana podinda. Mudzaona kuti mwala suchulukitsa zoyera monga mmene mtima umafunira.

Epoxy imabwera m'mabotolo awiri, utomoni ndi choumitsa. Muyeze ndendende monga alembera pa botolo, ena ndi muyezo wa kapu, ena ndi wa sikelo, musasakanize njira ziwirizi. Takasani pang'onopang'ono mphindi zitatu kapena kuposa, mukukanda m'mbali ndi pansi pa chidebe. Mukathira, yalani ndi rola ya siponji, kenako dutsani ndi heat gun, kamakina kouzira mpweya wotentha, mwachangu kuti thovu liphulike. Madontho olendewera kunsi kwa mphepete muziwapala ndi kamtengo kwa maola awiri oyamba, ndipo tepi muichotse epoxy isanaumiretu. Makabati ndi pansi kutani ndi pulasitiki, chifukwa ikadonthera pa matailosi n'kuuma ndi nkhondo.

Kalipentala_Turffontein
Palibe chokonza mayi, mwagwira ntchito ya mmisiri. Ndingoonjezera chimodzi: ikani levulo pa kauntala musanathire. Epoxy imayenda yokha kutsata kutsetsereka. Kauntala ikapendekeka, mbali ina kumakhala dziwe, mbali ina kouma.

Gogo_Nachisale
Ana anga, zonsezi ndamva, koma palibe amene wanena za poto wa nsima. Ine ndagwira ntchito m'makhitchini a azungu ku Sandton ndi ku Bryanston zaka zambiri, makauntala a mitundu yonse ndawaona. Ife tikamaliza kuvundula timaphula poto ali moto, n'kumukhazika pafupi kuti tiomole ndi chipande nsima isanazizire. Kodi epoxy yanuyo ipirira zimenezo?

Mai_a_Tadala
Siyingapirire agogo, ndisaname. Ine ndinaika thabwa lokhuthala pafupi ndi sitovu, poto amatera pamenepo basi. Ana ndinawauza, ndi bambo awo omwe.

Injiniya_Roodepoort
Agogo afunsa funso lenileni. Epoxy wamba youma yokha popanda uvuni imayamba kufewa kutentha kukafika cha m'ma digiri 60. Nsima ikamabwata ili pafupi ndi 100, ndipo kunsi kwa poto wochokera pa moto kumaposa pamenepo. Ndiye poto amasiya mkombero wosachoka, nthawi zina amamatirira. Formica imene mukufuna kuikwirirayo imapirira kutentha kuposa epoxy imene mukuika pamwamba. Mukusinthanitsa kulimba ndi kukongola, muzidziwiretu zimenezo. Si poto yekha. Hotipuleti ya mbale ziwiri, air fryer, ndi kasitovu ka gasi kamene ambiri tinagula chifukwa cha load shedding, zonsezi zimatenthetsa pansi pomwe zakhala. Muziyala tailosi lalikulu kapena thabwa pansi pake.

Mphwanga_Kempton
Mwamva? Ndi zimene ndikunena ine. Khitchini yoti uziiopa ndi ya chiyani?

Mai_a_Tadala
Achimwene, ngakhale postform yatsopano mukaikapo poto wa moto imapsa. Chipsera cha a NaBanda chinabwera bwanji?

Dalitso_Riverlea
Nkhani ya nyengo musaiiwale. Joni ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,750, ndipo Juni ndi Julaye usiku kumagwa chisanu. Epoxy imafuna chipinda chofunda, madigiri 20 mpaka 25, tsiku lonse ndi usiku womwe. Kukazizira imalimba ngati phala, thovu silituluka, ndipo imatha masiku ikunyatabe. Mnzanga wa ku tchalitchi anathira yake mu Julaye, patatha sabata chala chinkasiyabe chidindo, mapeto ake tinakamuthandiza kuipala yonse. Ogasiti nayenso ndi woipa kwa ife okhala pafupi ndi milu ya m'migodi, mphepo imabweretsa fumbi lachikasu lolowa ngakhale mawindo ali otseka, ndipo kanthu kalikonse kakatera pa epoxy yaiwisi kamakhala pomwepo mpaka kalekale. Ine ndingati dikirani kumapeto kwa Seputembala kapena Okutobala. Mabotolo muyambe mwawaimika m'madzi ofunda, ndipo mukathira mutseke chitseko, amphaka ndi ana asalowe.

Thoko_Yeoville
Ndipo ntchentche! Chilimwe ntchentche imodzi ikhoza kukuonongerani ntchito yonse. Thirani madzulo, muzimitse getsi la m'khitchini kuti tizilombo tisabwere.

Mwala_Weniweni
Ine ndimagwira ntchito pa fakitale yodula miyala ku East Rand. Bwanji osafunsa zidutswa zotsala za granite? Dziko lino lili ndi miyala yambiri, yakuda ija imakumbidwa cha ku Rustenburg ndi ku Brits, imapita mpaka kunja. Tikadula makhitchini aakulu pamatsala zidutswa zimene amagulitsa motchipa. Ngakhale simungakwanitse kauntala yonse, gulani chidutswa chimodzi chokhazika pafupi ndi sitovu, nkhani ya poto wa nsima yathera pomwepo. Mukatiuza timasalaza m'mphepete kuti musadzicheke.

Gogo_Nachisale
Mwana wanga, podula miyalayo mumavala chotseka kukamwa? Bambo anga anabwera kuno pa Wenela, anagwira m'migodi ya golide. Anabwerera ku Dedza ndi sutikesi, njinga ndi chifuwa. Ankakhosomola usiku wonse, kukwera kaphiri kopita kumunda ankaima katatu. Nthawi imeneyo tinkati ndi TB basi, za fumbi la miyala tinazidziwa atamwalira.

Mwala_Weniweni
Pepani agogo. Timavala, ndipo makina athu amadula akuthira madzi kuti fumbi lisauluke. Choopsa ndi pamene anyamata akudula ndi grinder pouma kunyumba ya kasitomala. Matendawa ndi silicosis, sachira. Miyala yopanga ku fakitale ija, ya quartz, ndiyo ili ndi silica wambiri kuposa granite. Ku Australia anailetsa kuyambira Julaye 2024 chifukwa anyamata odula ankadwala akadali aang'ono.

Chimwemwe_wa_Joni
Agogo, pa nkhani ya bambo anu, kuli Tshiamiso Trust. Inakhazikitsidwa makampani a migodi ya golide atagwirizana kupereka R5 biliyoni, ndipo khoti la kuno ku Johannesburg linavomereza mu 2019. Imalipira amene anadwala silicosis kapena TB ya m'migodi, ndi mabanja a omwe anamwalira, malinga ngati anagwira m'migodi ya makampaniwo kuyambira 1965. Ngati kumudzi kukadali mapepala awo a ntchito kapena nambala yawo ya ku mgodi, asatayidwe. Kulembetsa salipiritsa, aliyense wokuuzani kuti mupereke ndalama kuti akuthandizeni ndi wakuba.

Gogo_Nachisale
Anabwerako komaliza chaka chimene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, 1974, a Kamuzu ataletsa anthu kupita. Ndiwaimbira achimwene anga ku Dedza afufuze m'bokosi la malemu. Zikomo mwana wanga.

Admin_Gulu
Nkhani ya agogo ndi yofunika, a Chimwemwe muitsegulire mutu wakewake kuti ena aione. Pano tibwerere ku kauntala ya a NaBanda.

Injiniya_Roodepoort
Tikadali pa za thanzi, ntchito ya a NaBanda nayo ili ndi zake. Popala valani masiki ya fumbi ya FFP2, osati yansalu ija ya nthawi ya Covid. Epoxy yaiwisi isakhudze khungu, valani magolovesi a nitrile. Thupi likangoyamba kudana nayo, mukaikhudzanso mumatuluka zidzolo moyo wonse. Mawindo a chipinda china akhale otsegula kuti mpweya uziyenda, ndipo ngati mugwiritsa ntchito tochi ya gasi pophulitsa thovu, botolo la spirit ndi nsanza zake zikhale kunja. Ikaumiratu ilibe vuto kuikhudza, komabe musadulirepo nyama kapena kukandirapo ufa wa mandasi. Mpeni umaikanda, ndipo m'mikwingwirima mumabisala zonyansa.

Thoko_Yeoville
Ine ndili ndi maganizo osiyana ndi a Mai a Tadala pa epoxy. Kwathu tinapaka zonse chimodzimodzi, primer ndi siponji, koma pamwamba tinaika vanishi ya polyurethane ya madzi, makoti angapo opyapyala, tikupala pang'ono pakati pake. Sinyezimira ngati galasi, imaoneka ngati mwala wosapukutidwa, ndipo kwa ine ndiye ikufanana kwambiri ndi mwala weniweni. Palibe kuyeza, palibe thovu, fungo ndi lochepa. Ikakandika mumangopala n'kupakanso koti imodzi Loweruka masana. Epoxy ikaonongeka pakati, kuikonza kuti pasaoneke n'kovuta.

Mai_a_Tadala
Koma ndi yopyapyala achemwali. Mabampu a siponji amamveka m'manja, ndipo pafupi ndi sinki pomwe madzi amakhalitsa imayera. Epoxy imakwirira zonse n'kukhala tetete.

Thoko_Yeoville
Imayeradi mukasiya nsanza yonyowa usiku wonse, koma ikauma imabwerera. Nanga yanu siinayambe chikasu?

Mai_a_Tadala
Yanga ndi yakuda, sizioneka.

Kalipentala_Turffontein
A Thoko akhudza mfundo yabwino. Epoxy iliyonse dzuwa limaisandutsa yachikasu pang'onopang'ono, ngakhale yolembedwa kuti ili ndi zoteteza. Amene mumakonda nsangalabwi yoyera ya mitsempha yotuwa, yang'anani kaye kumene windo la khitchini laloza. Kuno windo loyang'ana kumpoto ndi limene limalowetsa dzuwa lambiri, makamaka nyengo yozizira. Ndinaitanidwa ku nyumba ina ku Mayfair kumene kauntala yoyera inasanduka yachikasu mbali ya windo yokha, pomwe panali ketulo n'kutsala bwalo loyera. Curry ya ku Fordsburg ija nayo ikatayikira pa yoyera n'kugona, banga lake silichoka. Mitundu yakuda ndi yotuwa imabisa zambiri.

Wophunzira_Braamfontein
Pepani akuluakulu kulowerera. Ife a m'maflati timangomata pepala la vinyl looneka ngati nsangalabwi, potuluka timamatula. Silikhalitsa koma dipoziti imabwera yonse.

Gogo_Nachisale
Limenelo ndi la inu ophika Indomie mwana wanga. M'khitchini ya banja la ana anayi silingathe mwezi.

NaBanda_Rosettenville
Zikomo nonse, sindinayembekezere mayankho ochuluka chonchi. A Kalipentala, ndayang'ana monga munanenera. Paliponse pali gwa kupatula kuseri kwa mpopi, pomwe patukuka pang'ono, kukula kwake ngati chikhatho, ndipo kunsi kwake kwada. Mpopiwo umadontha patsinde tikautsegula kwambiri. Ndiye ndisiye zonse? Mayi a nyumba ndawalembera, ayankha kuti avomera ndipo mpopi akonzetsa okha. Windo lathu laloza kumwera, koma ndasankha yotuwa yakuda chifukwa cha ana.

Kalipentala_Turffontein
Musasiye. Chikhatho chimodzi kuseri kwa mpopi chimakonzeka. Mpopi ukonzedwe kaye, ndipo pulambala akabwera mumupemphe akweze sinki yonse, musapake mozungulira sinki ili pomwepo. Dulani Formica yotukukayo, kumbani chipboard yofumbwa mpaka mufike polimba, musiye paume masiku angapo. Pakauma pakani epoxy pang'ono ndi burashi kuti thabwa limwe, kenako body filler, kenako kupala. M'mphepete monse mwa bowo la sinki, momwe chipboard ili pamtunda, mupakenso epoxy, chifukwa madzi amalowera mmenemo. Sinki ibwerere pa silikoni watsopano ntchito yonse itatha. Mukakumba n'kupeza kuti kufumbwa kwafika mpaka pa kona, pamenepo mverani a Mphwanga, gulani thabwa latsopano la mbali imeneyo.

Mphwanga_Kempton
Zikafika pamenepo ndiuzeni, bakkie ndili nayo, ndidzakunyamulirani.

Injiniya_Roodepoort
Konzekeraninso za masiku. Kutsuka, kupala ndi kudzaza ndi tsiku lake, primer ndi penti zimafuna nthawi youma, ndipo epoxy ngakhale imaoneka youma mawa lake, imafuna masiku atatu musanaikepo zopepuka ndi sabata yathunthu isanalimbiretu. Microwave ndi ndowa ya ufa zikabwerera msanga zimasiya mapazi ake. Werengerani masiku khumi opanda sinki ndi kauntala.

NaBanda_Rosettenville
Masiku khumi ndi ana atatu a sukulu! Ndiye ndichita pa holide ya kumayambiriro kwa Okutobala, tiziphikira pakhonde ndi gasi, mbale tizitsukira m'beseni. Mai a Tadala, kauntala yanga ndi mamita anayi ndi theka kuphatikiza kona. Epoxy ndigule yochuluka bwanji?

Mai_a_Tadala
Lita imodzi imakwana sikweya mita imodzi pa kukhuthala kwa milimita imodzi. Yanuyo mamita anayi ndi theka kuchulukitsa ndi masentimita 60 ndi pafupifupi masikweya mita atatu, ndipo ina imatayikira m'mphepete. Gulani malita anayi a zonse ziwiri pamodzi, kuli bwino itsale kusiyana n'kuti ithere pakati, chifukwa polumikiza pamaoneka. Mufunse ya makauntala, osati ya pansi pa galaja kapena yothira mochindikala ya matebulo. Heat gun musagule, ndikubwerekani yanga. Tsiku lothira mukhale awiri, wina azisakaniza wina aziyala, chifukwa ikangosakanizidwa imakupatsani mphindi zochepa isanayambe kutentha m'chidebe.

Thoko_Yeoville
Lamlungu limenelo ngati sindili pa shifiti ndibwera kudzathandiza kudinda siponji. Mundilembere ku inbox tsiku likatsimikizika.